Kawaya ka m'Chubu cha Ekisire

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Mwazimva kokwanira kwa azakhali anu, ndipo iwo amazithira mchere kuposa ine. Ndiyambira pa ntchito. Anthu akamandiona lero ndikupalira nandolo kuno kwa Khwethemule amati mkuluyu ndi wofatsa. Si kufatsa ayi, ndi mantha. Ndinagwira ntchito ya mantha mpaka kupuma, ndipo mantha akakhalitsa mwa munthu anthu amayamba kuwatcha khalidwe labwino.

Chaka chimene Linesi anabadwa

Ndinalowa ntchito pa chipatala cha esiteti ya tiyi ngati wothandiza za magetsi. Ndinkaganiza kuti ndizingosintha mababu ndi kukonza maketulo a anamwino. Sabata yoyamba isanathe anandipereka m'manja mwa a Sumani, bambo wachisilamu wa ku Bvumbwe amene ankayendetsa makina a ekisire, ojambulira mafupa ndi m'chifuwa. Maso awo anali atayamba kufooka, ndiye abwana ankafuna munthu wodzalowa m'malo mwawo. Anzanga kumalayini, kunyumba za antchito, atamva anandipepesa ngati ndaferedwa. Wina anati makinawo amaumitsa magazi. Wina anati ndithokoze kuti mwana mmodzi ndabereka kale, chifukwa za wachiwiri ndiiwale. Inu atatu obwera pambuyo pa Linesi ndinu yankho langa, koma masiku amenewo ndinkadzuka m'mawa n'kuyamba kudzifufuza m'thupi ngati pali chasintha.

Tsiku loyamba a Sumani sanandilole kugwira kanthu. Anandiimika pansi pa chimutu cha makina chimene chinkalendewera pa mkono wachitsulo, n'kuchisisita ngati ng'ombe yawo.

"Umu muli chubu. Osati cha njinga, mwana wanga, cha galasi, ndipo mulibe mpweya ngakhale pang'ono. Kumapeto kuno kuli kawaya kopotana, ngati ka m'babu. Tikakatenthetsa kamalavula tinthu tosaoneka, ophunzira amati maelekitironi. Moto waukulu umatikoka tinthuto n'kukatimenyetsa pa chitsulo mbali inayo, ndiye pamenepo pamatuluka kuwala kolowa m'thupi mwa munthu. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Sunamve. Ntchito yonse ili pa kawayako. Kakazizira pang'ono, tinthu tija timatuluka tochepa, chithunzi chimatuluka mbuu, munthu wamuunika pachabe. Kakatentha mopitirira pang'ono pokha, timatuluka ngati njuchi, munthu walandira zambiri, ndipo kawayako kangathe kuduka. Kakaduka, chubu chafa. Sichikonzeka, ndipo m'dziko muno palibe sitolo imene ungachipeze."

Pa tebulo loyendetsera makina panali mita yokhala ndi kamuvi, ndi mzere wofiira pamene kamuviko kanayenera kuima tisanajambule. Pambali pake panali kagudumu kokwezera kapena kutsitsira magetsi olowa m'makina. Makina a masiku ano amadziwongolera okha, ndipo athuwa kale ankatero, koma kabokosi kochita zimenezo kanapsa ine ndisanabwere ndipo palibe anagula kena. Munthu ndiye anasanduka kabokosiko. Kuseri kwa tebulo kunali kachitseko komangidwa ndi masikuluwu, ndipo mkati mwake munali kagudumu kena kakang'ono, kowonjezera kutentha kwa kawaya kenikeniko. A Sumani anali atapaka kadontho ka penti yoyera posonyeza malire ake. Anandionetsa kamodzi kokha n'kutsekanso. Anati tsiku limene ndidzafune kupyola kadonthoko ndidzayambe ndalongedza katundu wanga kunyumba.

Zaka zoyamba ndili ndekha

A Sumani atapuma ndi pamene ndinamudziwa bwino mdani wathu. Chipatala ndi fakitale ya tiyi zinali pa chingwe chimodzi cha magetsi, fakitale kumutu, ife kumchira. Mamota akuluakulu akadzuka, a mafani ofotetsera masamba, odulira ndi oumitsira, magetsi athu ankagwa, kamuvi n'kutsetsereka. Akazima, magetsi ankalumpha. Choncho ndinaphunzira kugwira ntchito ndi makutu. Zenera la chipinda changa silinkatsekedwa ngakhale m'chiperoni, odwala ali chifuwa pamtunda akunjenjemera n'kumanditukwana chamumtima. Ndinkamvetsera fakitale kutsidya kwa chigwa. Phokoso likakhala lofanana, kaya lalikulu kaya laling'ono, ndinkakonza kamuvi n'kujambula. Likayamba kusintha ndinkachotsa dzanja pa batani n'kudikira. Mpaka lero chigayo chikazima mwadzidzidzi pano pamudzi mtima wanga umadumpha.

M'chilimwe zinali bwinoko. Vuto linali dzinja. Mvula ikagwa tiyi amaphuka usiku ndi usana, mathirakitala amapanga mzere pa sikelo, ndipo tsamba likathyoledwa silidikira munthu. Fakitale inkalira osapuma. Masiku ena ndinkapotoza kagudumu ka patebulo mpaka kumapeto koma kamuvi osafika pa mzere wofiira. Zikatero ndinkawabweza anthu kuti abwere Lamlungu kapena m'mamawa shifiti isanasinthe. Ena anali atayenda wapansi kuchokera cha ku Khonjeni. Ankandiyang'ana, n'kuyang'ana babu likuyaka kudenga, ndiye ine n'kumawauza kuti magetsi ndi ochepa. Mbiri inamveka m'minda yonse kuti wa ekisire ndi waulesi ndiponso wabodza.

Bwana wanga anali adokotala a Kaliwo, munthu wamfupi, wachangu, woseka kwambiri. Ankati akalowa n'kundipeza khutu lili pazenera, chala chili m'mwamba, ankati, "A Namakhwa, inu mumajambula ngati mukuba." Koma ankandimvetsa. Chaka ndi chaka tinkapita awiri ku ofesi ya amanijala kukapempha kabokosi kowongolera magetsi ndi chubu chosungira. Yankho silinkasintha: tiona nyengo ikatha. Nyengo ikatha ankati tiona mitengo ya tiyi ikakwera. Mafilimu ankabwera ochepa, mankhwala otsukira tinkawagwiritsa ntchito mpaka ade ngati tiyi wopanda mkaka. Katswiri wina anabwera kamodzi kuchokera ku Blantyre, anaunika chubu n'kupukusa mutu. Anati kawaya kamawonda ndi ntchito, kamachita kuphwa pang'onopang'ono nthawi iliyonse tikakatenthetsa, ndipo kathu katsala ngati tsitsi. "Muzichinyengerera, bambo," anatero, n'kukwera galimoto lake.

Ndinachinyengerera. M'mawa uliwonse ndinkachidzutsa ndi moto wochepa, n'kumakweza pang'onopang'ono. Ndinkakana kujambula munthu kawiri pokhapokha adokotala ataumirira. Amayi anu, amene nthawi imeneyo ankathyola tiyi m'munda wa kumtunda, ankandiseka ndikafika kunyumba nkhope ili yakugwa. "Bambo a Linesi, akazi anzanga aja adzuka bwanji lero? Mitala ndiye imeneyitu, inu simukudziwa." Ndinkaseka nawo, koma zoona zake n'zakuti ndinkachiopa chubucho. Ndinkaopa kuti chidzafera m'manja mwanga, ndipo anthu a esiteti yonse ndi midzi yozungulira adzasowa kojambulitsa chifukwa cha chala changa.

Dzinja limene Linesi anali mu Sitandade 8

Mvula inali itagwa masiku angapo osakata. Chakumasana ndinamva anthu akuthamanga pakhonde la chipatala, azimayi akulankhula Chilomwe mokweza onse pamodzi. Nditasuzumira ndinaona atanyamula munthu pa chiguduli cha masamba, ndipo ndinazindikira mpango nkhope isanaoneke. Anali amayi anu. Ngolo ya thirakitala inatsetsereka pa matope potsika phiri, n'kuwakanikizira pa chipupa cha shedi yoyezera masamba. Panalibe bala lalikulu looneka. Koma ankapuma mwachidule, mofulumira, ngati munthu amene wakwera chitunda ndi mtolo, ndipo maso awo ankandifunafuna.

A Kaliwo anawayeza, n'kumvetsera m'chifuwa mbali iyi ndi iyo, mvula ikuchita phokoso pa malata. Kenako anandikokera pambali. Sanali kuseka.

"A Namakhwa, ndikuganiza kuti magazi akutayikira m'chifuwa ndipo akufinya mapapo. Ndiyenera kuboola ndi kuika kapaipi kuti atuluke. Koma nthiti zavulala mbali zonse, ndipo makutu anga sakundiuza bwino. Ndikaboola mbali yolakwika ndawononga imene akupumira. Ambulansi inapita ku boma ndi mayi woyembekezera, akuti yatitimira panjira. Ndipatseni chithunzi."

Tinawakhazika pa mpando kutsogolo kwa filimu. Adokotala anavala chovala chamtovu n'kuwagwira mapewa kuti asagwe. Ndinapotoza kagudumu mpaka kumapeto, kamuvi kanakana kufika. Ndinajambula choncho, n'kuthamangira m'chipinda cha mdima kukatsuka. Chinatuluka mbuu, nthiti zosaoneka. Kachiwiri ndinatalikitsa nthawi yojambulira kuti kuwala kochepako kuchuluke, koma zimenezo zimafuna munthu wogwira mpweya, ndipo amayi anu sankatha. Chinatuluka chogwedera ngati utsi. Fakitale kutsidya inali kulira ndi mamota onse.

Ndinathamanga pamvula mpaka ku fakitale. Kapitawo wa makina anali a Juwawo, munthu wamkulu thupi ndi mawu, amene tinkapemphera naye mpingo umodzi. Ndinawapeza pakati pa anyamata awo, malamba akuyenda odzaza masamba. Pamwamba panali ofesi ya magalasi, ndipo wachiwiri kwa amanijala anali ataimirira pamenepo akuyang'ana pansi.

"Achimwene, chonde zimitsani pang'ono chabe. Mayi a Linesi apsinjidwa ndi ngolo, ndikufuna kujambula, magetsi sakukwana."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana masamba, n'kuponya diso ku magalasi aja. Kenako anayankha mokweza kuti aliyense amve.

"A Namakhwa, lamulo mukulidziwa. Tsamba lili pa lamba, lina lili mu uvuni. Ndikazimitsa ndawononga tiyi wa tsiku lonse, ndipo mawa ine ndi anyamatawa tili pamsewu. Fakitale siima chifukwa cha munthu. Pitani."

Ndinabwerera ndikulira ngati mwana, ndipo ndinathokoza mvula chifukwa palibe anazindikira.

Nditafika ndinatenga sikuludiraiva n'kugwada kuseri kwa tebulo. Sikuluwu imodzi inagwa n'kugubuduzika, sindinaitole. Kadontho koyera ka a Sumani kanali pompo. Ndinadziwa chimene ndikuchita. Magetsi akakhala ochepa, kupyola kadonthoko kukanabweza kutentha kwa kawaya pamalo pake, chithunzi n'kutuluka chakuthwa pa nthawi yaifupi. Koma magetsi akangolumpha kawaya kali pamoto, panalibenso choti n'kukateteza. Ndinaganiza za anthu okhosomola amene ankadzaza benchi Lolemba lililonse, za ana othyoka manja pogwa m'mitengo ya mapeyala, za onse amene ndinawabweza zaka zonsezo kuti chubu chikhale ndi moyo. Khoswe anali pamkhate.

"Adokotala, ndikachita ichi chubu chikhoza kufa."

"Za chubu mukudziwa ndinu," anatero osatembenuka. "Ine ndikudziwa kuti milomo yawo yayamba kuda."

Ndinapotoza. Kadontho kanadutsa.

Batani lojambulira linali la magawo awiri. Ukalidina theka, kawaya kamayamba kutentha ndipo umadikira pang'ono. Ukalimaliza ndiye makina amawombera. Ndinaima kuseri kwa chotchinga, ndinadina theka, khutu lili kuzenera monga mwa masiku onse. Adokotala ankawanyengerera amayi anu kuti akoke mpweya kamodzi kokha n'kugwira. Pamenepo ndi pamene fakitale inakhala chete. Phokoso lonse linatha kamodzi n'kamodzi, kunangotsala mvula. Kamuvi kanalumpha, kanadutsa mzere wofiira, kanakagunda kumapeto.

Mwina mudzafunsa chifukwa chake sindinachotse chala, n'kubweza kagudumu, n'kujambula bwinobwino. Funso limenelo ndadzifunsa ndekha kambirimbiri. Koma m'zaka zanga zonse fakitale inali isanazimepo choncho m'dzinja kupatula pamene magetsi onse akufuna kuthima. Ndinakhulupirira kuti mdima ukubwera, ndipo ukabwera unkatha kukhala mpaka mawa. Nthawi yomweyo a Kaliwo anati, "Pano, agwira." Ndinamaliza batani. Makina analira kulira kwake kwa masiku onse, koma kunadukira panjira ndi kaphokoso kakang'ono, kakuti thi. Ndinadinanso theka kuti ndimve. Munalibe kanthu. Babu la kudenga linali likuyakabe, lowala kuposa kale.

Ndinalowa m'chipinda cha mdima nditanyamula filimuyo ndi manja awiri. Chubu chinali chitafa, zimenezo ndinadziwa. Chimene sindinadziwe n'chakuti kodi chinafa chitamaliza ntchito kapena chisanayambe. Ndinaviika filimu m'mankhwala, n'kumaigwedeza pansi pa kanyale kofiira. Kudzera pakhoma ndinkamva kupuma kwa amayi anu. Sindinaopepo chinthu m'moyo wanga ngati mmene ndinaopera kapepala kakuda kameneko. Ndinapemphera m'Chichewa, mawu atandithera ndinapemphera m'Chilomwe cha amayi anga chimene ndinkaganiza kuti ndinaiwala. Filimu inayamba kuda, n'kumaderaderabe, ndipo ndinati basi, moto unachuluka, ndapsereza zonse.

Ndinatuluka nayo ikudontha. Pa bokosi loonera sinkaoneka kanthu. A Kaliwo anandilanda, anakwera pampando n'kuiyandikiza pa babu la kudenga lija. Anaiyang'anitsitsa, mutu uli chopendekera. Ndili pansi ndinayamba kuona nthiti, mizeremizere, ndipo mbali imodzi inali yotuwa kuchokera pansi mpaka pakati.

"Kumanzere," anatero, n'kudumpha pampando.

Anandithamangitsa m'chipindamo. Ndinakhala pa benchi ya odwala, azimayi a m'munda aja atandizungulira, madengu awo ali pakhonde. Patapita nthawi namwino anatuluka ndi botolo lodzaza magazi, n'kulowa ndi lina lopanda kanthu. Atandiitana ndinapeza amayi anu atatsamira mapilo, kapaipi kali m'nthiti, akupuma pang'onopang'ono, milomo itayamba kubwerera mtundu wake. Fakitale inali itayambanso kulira, sindikudziwa kuti inayamba nthawi yanji.

Miyezi yotsatira

Amanijala anandiitana. Ndinawauza kuti ndinapyola malire a kawaya ndi dzanja langa, pojambula mkazi wanga. A Kaliwo anandilankhulira, ndiye sanandichotse. Anandibweza ku mababu ndi maketulo mpaka chubu china chidzabwere kuchokera kunja, ndipo za tsiku lake anati tiona nyengo ikatha.

Lamlungu lotsatira ndinakumana ndi a Juwawo pabwalo la tchalitchi. Ndinafuna kuwalambalala, koma anandigwira mkono n'kundikokera kuseri kwa mtengo. Mawu awo aakulu aja anali atachepa.

"Tsiku lija lamba wamkulu anavuka, achimwene. Inu mutangotuluka. Zinatitengera kanthawi kuti timubwezeretse, mpaka tinazimitsa zonse." Anayang'ana kumbali. "Munajambula?"

Apo ndi pamene ndinamvetsa. Lamba sanavuke yekha, ndipo kukana kuja kunali kongofuna kuti munthu wa pamagalasi uja amve. Umu ndi mmene tinkakhalira pa esiteti: pakamwa pamayankha za abwana, manja n'kumachita zina mwakachetechete, ndipo mnzako amayenera kudziwa yekha. Ine mantha anali atanditseka mutu, sindinadziwe. Iwo anaika ntchito yawo pachiswe kuti andipatse magetsi, ndipo magetsi awowo ndi amene anadula kawaya.

"Ndinajambula, achimwene," ndinatero. "Chinatuluka bwino. Zikomo."

Zinazo sindinawauze, ndipo anamwalira ndisanawauze.

Chipinda cha ekisire chinakhala chokhoma dzinja lonselo ndi chilimwe chake. Aliyense wofunika kujambulidwa ankamutumiza ku boma. Tsiku lina ndili pa makwerero ndikusintha babu pakhonde, panafika mayi wina wa cha ku Khonjeni atagwiriza mwamuna wake, bambo wodulira tiyi, wowonda, akukhosomolera m'kansalu. Adokotala anali atawauza kale kuti pano makina kulibe. Mayiyo anaima pansi pa makwerero n'kundiyang'ana. Sanakweze mawu.

"Ndinu a Namakhwa eti? Tikumva kuti makina munawathera pa akazi anu. Sitikukana, ali moyo, Mulungu alemekezeke. Nanga athuwa tiwajambule ndi chiyani?"

Ndinatsika, ndinatenga njinga yanga, ndinawakweza bambowo pakaliyala n'kumakankha wapansi mpaka ku msewu wa tala, mayiyo akutsatira pambuyo. Anali opepuka kwambiri. Ndinadikira nawo mpaka minibasi inaima. Sindikudziwa ngati anachira. Ndikanatha kufunsa, anthu a ku Khonjeni ankabwera pachipatala tsiku lililonse, koma ndinkaopa yankho.

Madzulo a tsiku limenelo ndinapeza amayi anu ali pakhonde akusankha nyemba. Anali asanabwerere kumunda, ndipo akakoka mpweya kwambiri ankakwinya nkhope pang'ono. Anandifunsa chifukwa chake ndachedwa, ndinati njinga inavuta. Anandiyang'ana, sanafunsenso. Ndinakoka kampando n'kukhala pafupi nawo, ndipo mpaka dzuwa kulowa ndinangokhala pamenepo kumvetsera akupuma.